Ndiwo za m'ndowa yobooka

Ine sukulu ndinangoinunkhiza, koma za kudimba palibe ankandiuza kanthu kwa Dzoole konse. Kabichi wanga ankafika pa Mponela anthu n'kumaloza.

Nthawi imene boma linauza amwenye kuti achoke kumidzi apite m'matauni, mayi wachimwenye wa pasitolo pomwe ndinkasiya tomato anandipatsa njere zozungulira ngati mapira. Anati dzina lake ndi daniya. Atayamba kufotokoza kaphikidwe kake, ndinawadula pakamwa.

"Dona, masamba ndi masamba. Ine ndinabadwira m'dimba!"

Njerezo sindinapite nazo kudambo, anthu angandibere. Ndinafesa m'ndowa yobooka ndi mumphika wong'aluka, n'kuika pakhonde. Zinamera bwino, timasamba tanthete tobiriwira. Aliyense wodutsa ndinkamuitana: "Tabwerani muone ndiwo za anthu a masitolo!"

Chaka chomwecho mwana wanga wamkazi woyamba anapeza mwamuna, mnyamata wa kwa Msakambewa, ndipo chikole anali atalandira kale. Tsiku linafika loti ankhoswe a mnyamatayo abwere. Tsono ine pamudzipo ndinali mkamwini. Nkhani ya ukwati ndi ya atsibweni a mwana, alamu anga. Bambo amangokhala phee. Ine kukhala phee sindinkatha. Ndinaganiza kuti ngati pakamwa andiletsa, alendowo andidziwira m'mbale.

Ndinathyola daniya yense, lichero tho, n'kuuza akazi anga kuti aphike ngati nkhwani, atendere nsinjiro.

"Inu, fungoli mukulimva koma?" anatero akazi anga.

"Ndi fungo la anthu olemera limenelo! Phikani!"

Alendo anasamba m'manja. Wamkulu wao anapisa mbamu m'ndiwo, n'kuima nayo pafupi ndi mphuno. Kenako anavundukula mphasa pakona, kusuzumira pansi.

"Pepani alamu," anauza atsibweni a mwana motsitsa mawu, "kaya ndi mphuno zanga, koma ndikumva nsikidzi."

Mnzake ananunkhiza mbale. "Iyayi, zili muno."

M'malo motseka pakamwa, ine ndinakuwa kuchokera pakhonde: "Idyani akuluakulu, musaope! Ndalima ndekha m'ndowa umu, palibe wina ali nazo mudzi uno!"

Wamkulu uja anayang'ana ndowayo, n'kubweza mbamu m'mbale pang'onopang'ono.

"Kwathu ndiwo timalima kudimba," anatero. "Zodzala mumphika pakhonde zimakhala ndi ntchito ina."

Apa mpamene ndinazindikira kuti akunena za mankhwala. Ndinayesa kufotokoza za amwenye, za sitolo, koma mawu anga aakuluwa ankangoipitsa zinthu. Alendowo anasambanso m'manja osadya, natsanzika dzuwa likadali pamutu.

Mbiri inatsogola kwa Msakambewa: akuti tinkafuna kuwadyetsa mankhwala kuti mwana wao akadzalowa m'mudzi mwathu apuse, azingoti inde. Alamu anga anakwera njinga kukapepesa, anthuwo osawatulutsira ndi mpando womwe. Atabwerako sanandikalipire. Anangouza mlongo wao, akazi anga aja, ine ndili pompo ngati chitsa, kuti chikole chibwezedwe.

Mwana wanga anatenga nsalu ya chikole chija, n'kuipinda bwinobwino, n'kupereka kwa atsibweni ake atagwada. Sanalire. Podzuka anatembenukira kwa ine, maso ali pansi.

"Ababa, kodi inuyo munalawako?"

Ndinali ndisanalawepo ngakhale tsamba limodzi.