Chingwe cha Bwato M'chiuno mwa Amalume

Mboni zanga ndi achemwali anga a Esinati ndi mtengo wa msau wa ku Kavalamanja, onse akadalipo.

Fungo la chingwe chonyowa limandikumbutsa amalume. Amalumewo atasokonezeka mutu, a Tembo, aneba athu, anawamangirira kumsauwo ndi chingwe cha bwato. Ine, pokhala mwana, ndinkayesa akuopa kuti mtsinje wa Zambezi, umene unali utasefukira, uwakokolola, choncho madzi ataphwera ndinawamasula.

"Galu iwe, ufuna atiphe?" anakuwa a Tembo. Mbama yawo inamveka mpaka ku Zimbabwe, ndikulumbira.

Amalume anangopita kukasamba. A Tembo anawamanganso, ndipo amalume anafera pachingwepo.

Lero ndine nesi wa odwala misala. Munthu akabweretsa m'bale wake atam'manga, ndimayamba kupima womangayo.