Kachitsulo ka mutu wofiira

Mkamwini wanga wabwera ndi kachitsulo ka mutu wofiira kochotsa pa makina akale a magemu, akuti akalumikize ku kompyuta kuti mdzukulu wanga azisewera. Zoti mkamwini timakhala naye motalikirana ndaziiwala. Ndakhala pafupi, maso ali pa waya.

"Mwalowetsadi, bambo? Tachotsani dzanja tione."

Mkamwiniyo akungondiseka.

Kachitsulo kotere ndinakagwirapo ndili kamtsikana, matipate atangoyamba kumene. Amayi anandituma ku Namitete kukagulitsa mtedza wophika kuti tipeze ya chigayo. M'golosale ina munali chibokosi cha gemu, chikulira ngati achule a m'dambo. Mnyamata wogulitsamo anandiona ndikusuzumira.

"Iwe, ulibe ndalama eti? Bweretsa mbaleyo, usewere mpaka utope."

Ndinapereka yonse. Mutu wofiirawo unali woterera ndi thukuta la anthu, ukununkha mafuta a tchipisi. Pagalasi kamunthu kankalumpha ndi kuponya zibakera, ine ndikukankhira uku ndi uku, ndikuganiza kuti ndine ndikukayendetsa. Mnyamata uja anali pakauntala, akuswa mtedza, makoko akugwera pansi.

Kenaka ntchentche inanditera pachikope, ndipo ndinasiya kachitsulo kuti ndiyithamangitse.

Kamunthu kaja sikanaime. Kanalumpha, kanamenya mnzake, kanalumphanso, manja anga onse ali m'mwamba.

"Achimwene, kodi kakuyenda kokha?"

"Gwira iwe, akupha!" anatero, mtedza uli m'kamwa.

Ndinayang'ana mbale, inali itafika kale pakati. Ndinayang'ana galasi. Kenaka ndinagwiranso.