Maikolofoni Yofiira ya ku Kitwe

Ndivomere pomwe pano kuti maliro aja a ku Bundabunda, amene analibe mtembo, ndinawayambitsa ndine. Koma mlandu tigawane ndi maikolofoni.

Ndinachoka kwathu ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Kusekondale anali atandithamangitsa chifukwa ndinamangirira mbuzi ku chingwe cha belu, mbuziyo n'kumatulutsa ndi kulowetsa makalasi m'mawa wonse. Atate sanandimenye. Anangokhala chete masiku atatu, ndipo tsiku lachinayi ndinanena ndekha kuti ndipita ku Kitwe kwa amalume, amene anali ndi kashopu kokonza mawailesi pamsika. Amai anandimangira nshawa m'kansalu osayang'ana nkhope yanga.

Ku Kitwe ndinazindikira kuti nthabwala zanga ndinazisiya kumudzi. Anthu ankalankhula Chibemba, ndipo pofika poti ndalumikiza mawu oseketsa, woti aseke amakhala atapita kale. Ndinkagona mushopu momwemo, pakati pa mawailesi akufa. Lamlungu amalume akapita kutchalitchi ndi banja lawo, ndinkatsegula mawailesi atatu nthawi imodzi kuti mumveke ngati muli anthu. Malipiro anga anali a sopo ndi mabanzi. Kotsalako ndinkapatsira kondakitala wa basi ya ku Chipata kuti akasiye pasitolo ya m'mbali mwa msewu kwathu.

Makalata ankalemba ndi atate, mizere itatu basi: mvula, ng'ombe, tonse tili bwino. Palibe ngakhale imodzi imene inati bwera. Ndinaona kuti nyumba yathu ikupuma popeza wovuta wachoka, ndipo ganizo limenelo linkandidya kuposa njala.

Amalume ndiwo anandiphunzitsa kusankha wailesi. "Siusankha na maso, iwe," ankatero. "Nyamula. Ngati ni yopepuka, mulibe vinthu mukati." Ankati utsegule kumbuyo uone mawaya, kenako uchoke nayo pamsika, upite kutali ukamve ngati ikugwirabe. Ndinachita zonsezi posankhira amai. Ndinatenga yakuda, yakale, yolemera ngati njerwa, n'kuitumiza. Yankho la atate linawonjezera mzere wachinayi: amai ako amaitsegula masana aliwonse. Ndinati basi, m'malo mwanga mwalowa nyimbo.

Chaka chachiwiri chikutha, wamalonda wina wochokera ku Nakonde anabwera ndi mamaikolofoni opanda waya. Ukalankhulamo, mawu ako ankatulukira m'wailesi iliyonse yapafupi imene yaikidwa pa FM. Inalipo yakuda yonyansa, inaliponso yofiira yonyezimira. Amalume anati yakudayo ndiyo imafika patali, yofiirayo ndi ya paukwati, imafuna uime pafupi. Maphunziro onse aja ndinawaiwala. Ndinatenga yofiira, ndipo sindinaiyese n'komwe kunja kwa shopu.

Lero ndikaganiza, ndimaona kuti chimene ndinkafuna sichinali kuseka kokha. Ndinkafuna kuona nkhope ya amai akamva dzina langa asakudziwa kuti ndikuwaona.

Ndinabwera osauza munthu. Ndinafika dzuwa lili pamutu, onse ali kumunda. Wailesi inali pampando, yofundidwa nsalu yoluka, mabatire ake atayanikidwa padzuwa kuti abwerere mphamvu. Ndinaisinthira pa FM, pamalo popanda siteshoni, n'kukwera m'nkhokwe ya chimanga ndi maikolofoni yanga, pomwe ndinkaona bwalo lonse kudzera m'mipata ya nsungwi.

Amai anafika, n'kutsamiritsa khasu. Asanamwe ndi madzi omwe, anatola mabatire aja, n'kuwaika, n'kukhala pamphasa. Anali ataonda. Wailesi inangochita phokoso la mphepo, iwo n'kuimenya pang'ono ndi chikhatho. Pamenepo ndinatsina mphuno, n'kuyamba ndi mawu olemera, odekha, a anthu a pawailesi.

"Uthenga uwu upita kwa aNaphiri a ku Bundabunda. Mwana wanu Masauso, amene anali ku Kitwe..."

Ndinapitiriza kuti ali m'nkhokwe mwanu ndipo ali ndi njala. Koma mawu amenewo anathera m'chimanga momwemo. Ndinali nditasuntha pang'ono, yofiira ija n'kutaya wailesi. Pabwalo panangotsala mphepo.

Amai sanadikire. Kwathu dzina la munthu ndi mudzi wake zikatchulidwa motero pawailesi masana, aliyense amadziwa kuti ndi uthenga wa maliro. Anaika manja kumutu n'kulira mfuu imene sindinaimvepo chibadwire. Ndinayesa kutsika msanga, koma phazi linalowa pakati pa mitengo ya pansi pa nkhokwe. Ndinakuwa kuti ndili pano, koma ndani akanamva? Amai a nyumba zoyandikana anali akuthamanga kale, akulira asanafunse kuti wafa ndani. Amuna anataya makasu m'minda. Atate anafika, n'kuvula chipewa, n'kukhala pansi pafumbi, mapewa akugwedezeka. Atate anga aja a mizere itatu.

Nditadzimasula ndinagwa pansi ngati thumba, mutu uli mbuu ndi fumbi la chimanga, maikolofoni ili m'manja. Amai ena awiri anathawa. Amai anga anandiyandikira, n'kundigwira makutu onse awiri, kuwapotoza, kuwasiya, kuwagwiranso.

"Zaka ziwili," anatero motsitsa mawu. "Masana alionse nimvela mauthenga a malilo, kuti dzina lako lisamveke m'menemo. Akatsiliza, nichotsa mabatile, niyamika Mulungu. Nyimbo sininamvelepo olo imodzi."



Anthu obwera pamaliro sabwerera ndi njala, ngakhale maliro atakhala abodza. Mbuzi imene atate ankasungira tsiku la kubwera kwanga inaphedwa madzulo omwewo, mudzi wonse n'kudya. Nditatambasula dzanja, atate analibweza ndi chikombe.

"Wakufa sakudya nyama," anatero. "Mupatseni masamba a chibwabwa."

Anagamulanso kuti nyumba iliyonse imene inandilira ndiitungire madzi sabata yathunthu. Ena ankayembekeza kuti ndichita manyazi kusenza ndowa pakati pa atsikana. Ine ndinayamba m'mawa mwake ndikuimba likhweru. Pakhomo lililonse ankanditukwana m'chinenero chimene ndimamva bwino, ine n'kumayankha, iwo n'kumaseka asakufuna. Nyumba zinali khumi ndi imodzi, koma ndinatungira khumi ndi ziwiri, chifukwa aTembo, a nyumba yotsalayo, anati iwo analira mumtima.