Chaka Chomwe Malume Anatchula Bambo

Malume anali ndi kabotolo kakuda ka mankhwala a chifuwa, koma munkakhala fodya wa m'mphuno. Ankakatulutsa kamodzi pachaka, tsiku la chikondwerero cha tawuni yathu ya Woolwich. Eni dziko ankaliza malipenga pakati pa paki, ife othawa ku Malawi tinkayala zitenje kumapeto, pafupi ndi mpanda.

Tikatha kudya, azibambo ankakhala mozungulira, kabotolo n'kumayenda dzanja ndi dzanja. Usanafwenkhe, unkatsina pang'ono, kuwaza pa udzu, n'kutchula m'bale amene anamwalira kumudzi iwe osapita kumaliro. Abusa ankayang'ana kumsewu ngati akuwerenga mabasi. Mayi ankati nzachikunja, koma sankasuntha pachitenje.

Zoti otchulidwawo ndi akufa palibe anandiuza. Ndinkangoona kuti ndi anthu olemekezeka, chifukwa dzina likamveka zipewa zinkavulidwa. Bambo anatengedwa ndi apolisi ku Malawi ine ndili m'mimba, ndipo chaka ndi chaka ndinkadikira kuti nawonso atchulidwe. Nditadandaula, malume anati, "Bambo ako si a gulu limenelo, iwe." Ndinakwiya nawo sabata yonse.

Chaka chimene boma linasintha kwathu, anthu anayamba kupita kukaona abale. Mayi anatsitsa sutikesi pamwamba pa wodilopu, ankaimba pochapa mbale, ankati bambo tikawapeza. Tsiku la chikondwerero kunabwera bambo wina yemwe anali atangobwerako kumudzi. Anakokera malume kumpanda, nayankhula nawo nthawi yaitali.

Kabotolo katawafika, malume anatsina. Sanayang'ane mlongo wawo. Anawaza pa udzu, natchula dzina la bambo, lonse, ndi mfunda womwe. Mpaka lero sindidziwa ngati chinali chifundo kapena mantha kuwauza mayi mwanjira imeneyo, pamaso pa anthu. Ndimawakwiyirabe, ngakhale nawonso anapita.

Mayi anadzuka pang'onopang'ono. Analanda kabotoloko, iwo amene ankadana ndi fodya, nakhuthulira yense pansi. Mphepo inandibweretsera fungo lake lowawa, ndinayetsemula. Kenako ndinaomba m'manja, ndekhandekha, mpaka abusa anandigwira mikono.

M'basi yobwerera ndinakhala pawindo mtima uli mbee. Ndinawakoka mayi chitenje, ndinati, "Mum, mwamva? Lero bambo awatchula."

Anandikumbatira mwamphamvu mpaka kundipweteka. Ine ndinangodabwa kuti akuliriranji, pa tsiku lomwe bambo anawerengedwa pamodzi ndi anthu.