Thumba Losungiramo Zida Zosokera Thumbalo

Ambulera ya amayi inali yakuda, ya nthiti zisanu ndi zitatu, ndipo m'nyumba mwathu inkalemekezedwa kuposa ana ena. Inkatuluka pa maliro, pa ukwati ndi popita ku chipatala basi. Dzinja lomwe ndinali Sitandade 5 inatsala ndi nthiti zisanu ndi ziwiri. Lero ndikuvomera pamaso pa dziko lonse kuti ndinali ine.

Nkhani inayambira kusukulu. Aphunzitsi analengeza kuti mayeso a ntchito zamanja ayandikira, ndipo wobweretsanso tsache alandira ziro. Zonse zimene tinkapanga zinkathera kunyumba kwawo, ndiye masache anali atawakwana. Ine masamu anali atandikana kale. Ziro winanso akanandikhazika m'kalasi lomwelo chaka chachiwiri, limodzi ndi tiana timene ndinkatituma.

Ndinapita kwa amalume, amene ankasoka nsapato pansi pa mtengo wa bwemba kufupi ndi msika wa Mangochi. Ndinawauza kuti ndikufuna kusoka thumba lachikopa ngati lawo, losungiramo zida, andibwerekeko zingano.

"Zanga sizigwidwa ndi munthu wina," anatero osadzutsa mutu. "Panga zako."

Anandifotokozera kuti zingano ya nsapato imafuna chitsulo chopyapyala koma chouma mtima, ndipo palibe choposa nthiti ya ambulera. Sananene kuti ya ndani. Ku koleji ndinangokhalako materemu atatu, koma ndinamva zokwanira kudziwa kuti pamlanduwu olakwa tinali awiri.

Nthitiyo ndinainola pamwala masiku anayi, zala zikununkha dzimbiri. Amalume anandilola kugwira tupa yawo kamodzi kokha, pocheka kangowe kokokera ulusi, iwo atandiimirira kumsana ngati ndikuwabera. Chogwirira ndinasema ku nthambi ya mango. Mpeni unachokera ku sowo yothyoka yodulira zitsulo, ndinaukulunga ndi mphira ya chubu cha njinga. Chobowolera chinali msomali. Ulusi ndinasomphola ku ukonde wong'ambika wa msodzi wina kwa Mponda, n'kuupaka kandulo kuti madzi asaulowe.

Chikopa chinali cha mbuzi imene anansi athu anazinga pa Idi. Ndinachiviika m'madzi aphulusa kuti ubweya uthothoke, ndinachipala, ndinachikhomera ndi zikhomo kuseri kwa nyumba kuti chiume. Apa m'pamene sayansi inandisiya ndekha. Mvula inkagwa tsiku ndi tsiku, chikopa osauma. Fungo lake linkalowa m'zovala, mu tiyi, ngakhale m'maganizo. Agalu amene sitinawaonepo ankabwera kudzakhala pabwalo mwaulemu ngati afika pa msonkhano.

"Achimwene," amayi ankafunsa amalume, "mwanayu mukumuphunzitsa ntchito kapena ufiti?"

Za ambulera anazidziwira ku maliro. Ataifunyulula, mbali imodzi inagwa ngati phiko la nkhuku yodwala, madzi onse n'kutsikira m'khosi mwa mayi wina wolemekezeka amene anali kulira bwinobwino. Zimene zinachitika atabwerera kunyumba sindilemba, chifukwa amayi akadali moyo ndipo amawerenga.

Ndinapirirabe. Chikopa ndinachifufuta ndi manja mpaka chinafewa pang'ono, ndinachicheka, ndinasoka zipinda zinayi: cha zingano, cha mpeni, cha msomali, cha ulusi. Msoko wake unkayenda ngati munthu wochokera ku mowa. Nditalongamo zida ndinaona kuti ndatha dzinja lonse kupanga zida zosokera thumba losungiramo zida zomwezo. Nzeru yozama chonchi sindinakumane nayonso, ngakhale ku koleji.

Tsiku la mayeso anzanga anabweretsa zipande, mikeka ndi miphika yadongo. Aphunzitsi atafika pa ine ananyamula thumba ndi zala ziwiri, nkhope ataitembenuzira kuwindo. Mtima wanga unati basi, Sitandade 5 ndi kwathu. Koma anatsegula, n'kusolola zingano. Anayesa kangowe ndi chala. Kenaka anavula nsapato yakumanzere, imene inali itayasama kutsogolo, kalasi lonse likuona chala chawo chachikulu chikusuzumira m'sokosi.

"Tandionetsa, ulusi amaukoka bwanji?"

Ndinawaonetsa zonse, pang'onopang'ono, monga amalume anandionetsera. Pomalizira pake anasoka okha. Analemba teni pa teni, anaika zida zanga m'thumba la jekete, n'kundibwezera thumba lachikopa.

"Ili tenga, ukakwirire."

Ndinathamanga mpaka pa bwemba, osapuma. Amalume anamvetsera nkhani yonse, nsapato ya patapata ili pamiyendo.

"Nsapato yawo yakuda ija? Yakumanzere?"

Ndinati eya.

"Wawaonetsa ndi kumanga mfundo komwe?"

Ndinati eya, ndipo agwira msanga kwambiri.

Anatembenukira kumsewu. Ine sindinkadziwa kuti nsapato imeneyo inkabwera pa bwemba sabata ndi sabata, pambuyo pake pakubwera za ana asanu a aphunzitsi, ndi kuti m'tauni ya anthu ovala patapata banja limenelo ndi lomwe linkawagulira amalume sopo. Ndinaima pamenepo ndikumwetulira, thumba lonunkha lili m'manja, ndikuganiza kuti mmisiri akanyadira wophunzira wake amakhala chete chonchi, maso ali kumsewu.