Kachidutswa ka Folo Koloko

Apongozi anga aamuna amakonza mawotchi. Kamalo kawo kali pansi pa masitepe a nyumba ina ya masitolo: tebulo, nyale, benchi, ndi kabati yagalasi yodzaza mawotchi amene eni ake anawaiwala kalekale. Mumsewu wonsewo amawatcha a Mphindi, chifukwa aliyense wowayankhula, kaya ndi kasitomala kaya ndi mwana wawo, amamuyankha osadzutsa mutu, kagalasi kali padiso: "Mphindi imodzi." Mphindi yawoyo imatha kukwana maola awiri, ndipo kale tinkangoseka.

Tsiku lina m'mawa apongozi aakazi anafika pamalopo atagwira mutu. Anati mutu ukuwapweteka modabwitsa, dzanja lamanja lachita dzanzi, awaperekeze kuchipatala. A Mphindi anali atapana kasipuling'i kakang'ono ngati tsitsi. Anayankha monga mwa masiku onse. Mayi anakhala pabenchi kudikira, ndipo sitiroko inawapeza pabenchi pomwepo. Anatuluka m'chipatala patatha milungu itatu, mbali imodzi itafooka, mawu atathawa. Ankamva zonse, maso awo ankayankha, koma pakamwa panali zii.

Palibe amene anawaloza chala a Mphindi. Ine ndisaname, mawu ankandifika pakhosi, makamaka ndikamawasambitsa mayi. Koma ndikawayang'ana bambowo ndinkaona kuti mlandu anadziweruza kale okha. Mawu awo aja akuti "Mphindi imodzi" sanawatchulenso.

Za chokoleti zinabwera ndi namwino wina amene anadzasinthitsa batire la wotchi. Anawapeza akuthira masupuni anayi a shuga mutiyi, mabisiketi ali pambali.

"Bambo, BP yanu munayezetsa liti?" anawafunsa. "Ngati pakamwa pakufuna kanthu, gulani chokoleti chakuda, chija cha koko wambiri, shuga wochepa. Chimathandizako mitsempha ya magazi kumasuka, BP n'kutsikako pang'ono. Koma si mankhwala, mwamva? Kachidutswa kamodzi patsiku basi."

Namwinoyo ankanena za thupi lawo. Iwo anangomva kuti mitsempha, anangomva kuti magazi, maganizo onse n'kuthamangira kwa akazi awo. Tsiku la sikelo ya mayi anakafunsa adokotala, amene anati pang'ono palibe vuto, bola mapiritsi ndi mafizo asalekeze.

Kuyambira pamenepo, hafu pasiti fili amatseka kabati, ngakhale kasitomala ataima pakhomo. Folo koloko yeniyeni amakhala ali m'chipinda cha mayi, atakoka mpando pafupi ndi bedi. Ankafunyulula pepala lasiliva lija pang'onopang'ono, n'kudula kachidutswa ndi kampeni kawo ka kuntchito motsata mzere, ngati pali amene adzabwere kudzayeza. Akatero ankawaika mayi pakamwa. Mayi ankakwinya nkhope, n'kutsinzina, n'kumeza. Bambo ankapinda pepala lija, n'kubwezera m'thumba la jekete.

Ine zinkandinyansa. Tsiku lina ndinawatsatira pakhonde.

"Bambo, chokoleti chikanakhala chochiritsa, bwenzi madokotala onse akugulitsa m'golosale."

"Ndikudziwa, mayi," anandiyankha akuyang'ana zala zawo. "Mapiritsi mumapereka ndinu. Mafizo amachititsa ndi achipatala. Ine manja angawa ndiwachitire chiyani?"

Ndinachita manyazi. Sankadikira kuti BP itsike, munthuyo. Ankadikira kuti akazi awo adzatsegule pakamwa, kuti amve ngati anawakhululukira kapena ayi.

Panapita miyezi isanu. Dzanja la mayi lofooka lija linayamba kugwira supuni. Wamafizo ankawaphunzitsa kutulutsa mawu, koma kunkangotuluka mpweya, mayi n'kukwiya, n'kutembenukira kukhoma.

Lachitatu lina ndinali m'chipindamo ndikupinda zovala. Bambo analowa pa nthawi yawo, anadula kachidutswa kawo, n'kutambasula dzanja. Mayi anatseka milomo kuti gwa. Bambo anayesanso. Mayi anakweza dzanja lawo labwino lija, anagwira mkono wa amuna awo, n'kuukankhira kwa mwini wake. Khosi lawo linagwedera kanthawi.

"I... dya... ni."

Mawuwo anali okhuthala, opindika, koma anali mawu. Pilokesi imene ndinagwira inagwa pansi. A Mphindi, ngati mwana womvera, anaponya kachidutswako m'kamwa. Ndi pamene ndinazindikira kuti miyezi yonseyi anali asanalaweko n'kamodzi komwe, poti kwa iwo chinali cha odwala, chosayenera kuwabera.

Anatafuna kawiri. Nkhope yonse inakwinyika, maso anafiira, anayang'ana uku ndi uku kufuna madzi.

"Mayo ine! Chowawa chonchi? Ndiye inu masiku onsewa bwanji osanena?"

Atangomaliza anadzimva okha zimene anena. Anagwira pakamwa. 

Kenako mayi anayamba kugwedezeka mapewa. Ankaseka, ndi theka la pakamwa lomwe limagwira ntchitolo, mpaka misozi kutsikira m'khutu. Bambo anagwada pambali pa bedi, anaika chipumi padzanja la akazi awo, ndipo analira kulira kumene sanalire kuchipatala kuja. Ine ndinatola pilokesi yanga n'kutuluka.

Masiku ano kachidutswa kaja amakadula pawiri. BP yawo nawonso anakayezetsa, inapezeka yokwera, moti folo koloko aliyense amamwa kaye mapiritsi ake, kenako onse awiri n'kukwinyira limodzi nkhope. Mawu a mayi akubwerera, koma mwaulesi. Liwu limodzi limatha kuwatengera nthawi yoti munthu n'kuwiritsa madzi a tiyi. Dzulo ndinawaona akulimbana nalo lina, milomo ikunjenjemera, ine ndikufuna kuwamalizira. Bambo anandiletsa ndi dzanja, anavula wotchi yawo n'kuiika m'thumba.

"Musafulumire, mayi," anatero kwa akazi awo. "Ndilipo."