Dzanja Lamanja la a Proning

Pamsika wa m'tauni yathu aliyense amadziwa kuti Nang Meding (kwathu kuno mayi wamkulu timamulemekeza ndi Nang, bambo ndi Nong) sakhulupirira kanthu. Wakhala akugulitsa nsomba zouma kuyambira ali mtsikana, ndipo asodzi akamubweretsera katundu amayamba wanunkhiza, kutembenuza, kenako n'kumuyang'ana mwini wake m'maso ngati wamugwira akuba. Sikelo ya mnzake saikhulupirira. Wailesi ikanena kuti kugwa mvula, iye ndiye amachapa n'kuyanika. Munthu mmodzi yekha ndiye anali asanamukayikirepo, amuna ake a Proning, oimba limba kutchalitchi cha parishi. Ndiye mutha kuona mmene zinamupwetekera atayamba kuwakayikira iwonso.

A Proning anagwa ndi sitiroko mvula itangoyamba. Mwamwayi anadzuka, kuyenda ndi kulankhula kunabwerera, koma dzanja lamanja linatsalira m'mbuyo. Limba la kutchalitchi analivindikira nsalu, kwaya n'kumaimba pakamwa pokha. Mwana wawo Analiza, namwino ku Dubai, anatumiza bokosi lalitali lokhala ndi piyano yamagetsi, kompyuta yaing'ono ndi mtolo wa mawaya, ati Papa azilimbitsira zala.

Tsiku lolumikiza linali la phokoso. Analiza ankalangiza pafoni, akuona zonse. Chingwe china chichoke kumbuyo kwa piyano chikalowe m'kompyuta, china chichoke m'kompyuta chipite ku masipika, ndipo mawu a piyanoyo atsitsidwe mpaka zii kuti kompyuta ndiyo izitulutsa mawu. Masipikawo anabwera nawo Doring, mnansi wawo wobwereketsa pamaphwando makina a vidiyoke, aja amaliza nyimbo munthu n'kumaimba pa maikolofoni. Iyeyu ndiye anaimira Analiza pa ubatizo, n'chifukwa chake iye ndi Meding amaitanana kuti Mare. Poyamba masipika ankangolira ngati njuchi, mpaka analumikiza zonse pamalo amodzi a magetsi. Kenako kunabwera vuto lina: ukadina, mawu ankatuluka mochedwa, chala chitachokapo kale. Analiza atawakonzetsa m'kompyutamo, m'chipinda monse munadzaza mawu a piyano yaikulu, ija timangoiona pa kanema.

"Piyano ili apa, mawu akuchokera uko," anatero Meding, manja ali m'chiuno. "Ndiye akuimba ndani?"

Onse anamuseka, ngakhale Analiza ku Dubai komweko.

Kuchokera pamenepo a Proning anayamba kudzitsekera. Ati safuna kuonedwa akuphunzira ngati mwana. Masabata oyamba kunkamveka zodukaduka, koma kenako nyimbo zinayamba kutuluka zathunthu, mawu apansi ndi apamwamba omwe, zokoma moti oyendetsa njinga zamoto ankachepetsa liwiro akafika pageti. Meding anasangalala, koma osati kwa nthawi yaitali. Patebulo bamboyo ankadyabe mpunga ndi dzanja lamanzere, ndipo mabatani a malaya ankawamanga ndi Meding yemweyo. Dzanja lolephera supuni likuthamanga bwanji pa piyano?

Pamwamba pa izo, a Proning anakauza bambo mfumu kuti pa chikondwerero cha woyera wa parishi adzaimba okha. Bambo mfumu anamukokera Meding pambali Misa itatha.

"Nang Meding, inu ndinu mumakhala nawo. Ngati sanachire ndiitane woimba limba wina kumzinda wa Iloilo nthawi ikadalipo. Tsiku limenelo tchalitchi chimadzaza mpaka panja, sindikufuna Nong Proning akachite manyazi. Mundiyankhe lisanafike Lamulungu likubwerali."

Amene anamutsina khutu Meding ndi Doring, akusankha nsomba pabenchi pake kumsika.

"Mare, usandidye, koma ine makinawa ndiwo amandidyetsa. Munthu akamaimba amapumira, amaphonya, lero apa mawa apo. Tamvetsera mawu apamwamba a amuna akowo. Nyimbo ikabwerezedwa imatuluka chimodzimodzi ngati mapasa."

"Pakamwa pakopo, Doring! A Proning akunamize iwe kuti apeze chiyani?"

"Ine ayi, Mare, iwe. Ingowayesa mmene oledzera amayesera makina anga. Pempha nyimbo mwadzidzidzi. Woimba weniweni amangoyamba pomwepo, makina ndiwo amati mulibe."

Meding anamuyezera nsomba zake ndendende, osaikapo ngakhale kamodzi ka basela. Koma madzulo ake anakagogoda pachitseko chija.

"Proning, tandiimbirani ija tinavina pa ukwati wa achemwali anga."

"Mawa, Meding. Lero zala zatopa."

Mawa lake, atabwerako kumsika, nyimbo ija inamveka yonse, yosalala. Anapempha ina. "Mawa." Inanso. "Mawa." Munthu amene kale ukangong'ung'udza kanyimbo ankakatola usanamalize, lero chilichonse mawa! Mtima wa Meding unauma, ndipo ndinene mosabisa, anachita nkhanza. Anayamba kusankha dala nyimbo zothamanga, zopotanapotana, kuti aone pomwe bodza lithere. Ankazipempha akumwetulira, ndipo a Proning ankayankha mwaulemu kuseri kwa chitseko.

Lachisanu m'mawa anasiyira benchi yake mayi woyandikana naye, nakwera njinga yamoto, natsikira pakona. Anazungulira kuseri kwa nyumba kudzera m'nthochi, masilipasi ali m'manja. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Anawerama pansi pa zenera n'kusuzumira pampata wa magalasi.

A Proning anali atakhala pa piyano, malaya ali chinyowere ndi thukuta. Dzanja lamanja linali pantchafu, chikhatho chikuyang'ana kumwamba, zala zitapindika. Ndi chala chimodzi cha kumanzere ankadina kiyi mmodzi, n'kuyang'ana pa kompyuta pomwe kamzere kankaonekera, n'kudina wina. Akalakwitsa ankafufuta n'kuyambiranso. Inali nyimbo yothamanga ija anapempha Meding dzulo lake, ikumangidwa liwu limodzilimodzi ngati munthu wotola mpunga wotayika pansi. Atamaliza mzere umodzi anadina batani, kompyuta n'kuthamangitsa yokha mawu apamwamba aja, dzanja lamanzere likuperekeza ndi apansi.

Kenako anaimitsa. Ananyamula dzanja lamanja ndi linzake, naliika pa makiyi, naliyang'anitsitsa. Zala zinanjenjemera, zinagwera makiyi angapo nthawi imodzi ndi phokoso loipa, dzanja n'kutsetsereka. Analibwezera pantchafu modekha, napukuta nkhope, nayamba mzere wotsatira.

Meding anabwera kudzagwira wabodza ndipo anamugwiradi, koma sanamve kukoma ngati mmene amamvera akagwira msodzi wosakaniza nsomba zowola. Anamva chisoni, ndi manyazi pa nyimbo zonse zija ankasankha dala. Anabwerera m'nthochi muja mwakachetechete, ndipo sanapitenso kumsika. Analunjika ku parishi ndi epuloni yake yonunkha nsomba.

"Itanani wa ku Iloilo uja, Abambo."

"Mwakambirana ndi Nong Proning?"

"Ayi. Ndikawauza ndekha, inu musawatchulire."

Madzulo nyimbo yothamanga ija inayamba pa nthawi yake. Meding anatsegula chitseko osagogoda, nakhala pa kama. A Proning anadzidzimuka, dzanja lamanzere linaima, koma mawu apamwamba anapitirira okha, akudumphadumpha mosangalala m'masipika a Doring, anthu awiri akuyang'anana. Pomaliza bamboyo anatambasula dzanja n'kuzimitsa.

"Ndawauza bambo mfumu aitane wina," anatero Meding.

A Proning anayang'ana pansi. "Ndimati mwina pofika tsikulo likhala litadzuka."

"Likanapanda kudzuka? Mukanakabisa kuti kompyutayi, tauni yonse ikuyang'ana?"

"Sindinaganize mpaka pamenepo."

"Mwandinamiza, Proning. Inu!"

"Nawenso wandizunza, mkazi iwe. Bwanji osapempha za pamaliro zoyenda pang'onopang'ono? Taona chalachi."

Anamuonetsa chala cha kumanzere, chotupa kunsonga. Meding anangochigwira chalacho m'manja mwake, nachisisita. Panja Doring anali akuyesa makina ake, munthu wina akukuwa pa maikolofoni kuti aone ngati ikumveka.

"Ndiye abwera wa ku Iloilo," anatero a Proning, ngati akudziuza okha.

"Abwera."

Anayang'ana makiyi aja, kenako anatembenukira kwa mkazi wawo, ndipo mawu awo anatsika kwambiri.

"Meding, chikwatirane ine sindinakhalepo pabenchi ya anthu m'tchalitchi muja. Kodi iwe umakhala mbali iti?"